Khwangwala wamantha: kupanga kanyama ka m'katuni ya ana ndi kukapatsa mawu

Wa ku Matawale: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali katuni ya ana a zaka 5 mpaka 9, ya m'Chichewa, gawo lililonse mphindi 5. Mwini nkhani ndi mtsikana wa sitandade 3 wokhala m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo nkhani zake zimachitikira kusukulu, kumsika ndi kumtsinje wa Mulunguzi. Pakufunika kanyama koti kaziyenda naye. Maganizo amene alipo ndi a kalulu. Kodi kalulu angaithe ntchitoyi? Nanga choyamba n'chiti, chithunzi kapena mawu?

Mphunzitsi wa ku Domasi: Achimwene, kalulu musiyeni. Mwana aliyense amene adamvapo "padangokhala" n'kuyankha "tilitonse" amadziwa kale kuti kalulu ndiye amapambana pamapeto. Mukamuika pambali pa mtsikanayo, ana azidikira kuti kalulu athetse vuto, mtsikana n'kusanduka womunyamulira chikwama. Fulu nayenso adatchuka kale ndi nzeru, komanso kuyenda kwake kungachedwetse nkhani ya mphindi 5. Fisi ndi kadzidzi makolo ena angothimitsa foni chifukwa cha nkhani za ufiti. Nanzikambe ndi wokongola pojambula koma ana ambiri amamuopa. Ine ndikuona khwangwala. Ana a mu Zomba amamuona tsiku ndi tsiku pamsika ndi pabwalo la sukulu nthawi ya phala, ndipo khalidwe lake lilipo kale pa mwambi uja wakuti khwangwala wamantha adafa ndi ukalamba. Mtsikana wolimba mtima ndi mbalame yamantha koma yadyera: awiriwa angakangane m'gawo lililonse osatha nkhani.

Mayi wa zisudzo: Aphunzitsi anena zoona. Musanagwire pensulo, yankhani mafunso awa papepala. Kanyamaka kakufuna chiyani pakokha, chosakhudza mtsikanayo? Kamaopa chiyani? Kamatha chiyani chimene mtsikana sangathe? Kwa khwangwalayu mayankho ndi osavuta: amafuna chakudya, makamaka chiwamba ndi mkute, amaopa legeni, agalu ndi bingu, amatha kuuluka n'kuona zimene zili kuseri kwa chitunda. Koma chifukwa cha mantha, akabwerako amakokomeza. Waona mbuzi ziwiri, akuti waona gulu la zilombo. Ndiye mtsikana ayenera kupeta yekha kuti choona n'chiti. Apa mwapeza lamulo lalikulu: mbalame ibweretse uthenga, vuto, kapena phwete, koma chiganizo chomaliza achite mtsikana. Kanyama kongovomereza kuti "eya, eya" ana amakaiwala, ndipo kanyama kodziwa zonse kamalanda nkhani.

China, gwirizanani lero lomwe kuti amamva kulankhula kwa khwangwalayu ndani. Ngati ndi mtsikana yekha, agogo ake ndi aphunzitsi azingomva "khwaa, khwaa", ndipo zikhale choncho m'magawo onse. Ana amagwira msanga mukasintha lamulo pakati pa ulendo.

Wa ku Matawale: Khwangwala ndamulandira. Nkhawa yanga ndi kuda kwake. Pafoni yaing'ono sangangooneka ngati dontho la inki?

Wojambula wa ku Sadzi: Angaoneke choncho mukamupaka wakuda bii. Musatero. Thupi likhale la buluu wodera kwambiri wopita ku phulusa, kuti mzere wakuda wozungulira mapiko uzionekabe. Mwayi wake ndi wakuti khwangwala wa kwathu kuno ali ndi chifuwa choyera ndi kolala yoyera yozungulira khosi, ndiye mutu umasiyana bwino ndi thupi ngakhale chithunzi chichepe. Mitundu isapitirire isanu: wa thupi, woyera wa pachifuwa, wa mlomo ndi miyendo wotuwirako pang'ono, wa m'kamwa, ndi wa maso. Mtundu uliwonse wowonjezera mudzaupaka m'zithunzi mazanamazana.

Kamangidwe kake yambani ndi zinthu zitatu: thupi ngati dzira lopendekeka, mutu wozungulira, mlomo wa zidutswa ziwiri zosongoka. Mutu ukulitseni ufike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wonse, chifukwa mutu waukulu ndi maso aakulu ndi zimene zimachititsa kanyama kuoneka kamwana. Maso a khwangwala weniweni ndi akuda ndipo ali m'mbali. Inu asendezereni kutsogolo, muwapatse choyera, muike zikope zam'mwamba. Mbalame ilibe nsidze, choncho ikani nthenga ziwiri kapena zitatu pamwamba pa maso zoti ziziimirira akadzidzimuka n'kugona akachita manyazi. Mlomo musautalikitse ngati wa mbalame yeniyeni: wautali wosongoka umaoneka waukali, ndiponso umaphimba nkhope ya mtsikana akayandikana. Ufupikitseni, nsonga ikhale yobuntha.

Mukamaliza, jambulani tsamba limodzi lomuonetsa kutsogolo, m'mbali, chammbali pang'ono ndi kumbuyo, zonse pamzere umodzi wa msinkhu. Tsamba lachiwiri likhale la nkhope zisanu ndi imodzi: kukondwa, mantha, dyera, manyazi, mkwiyo, tulo. Lachitatu aime pambali pa mtsikana kuti msinkhu udziwike. Masamba amenewa ndiwo model sheet, ndipo aliyense wojambula aziwayang'ana. Popanda iwo, pofika gawo lachitatu mbalame imakhala itanenepa kapena mlomo utatalika popanda wozindikira.

Yeso lake ndi ili: detsani chithunzi chonse chikhale mthunzi wokhawokha, muchichepetse ngati bokosi la machesi, muonetse ana asanu osawauza kanthu. Akalephera kunena kuti ndi mbalame yanji ndipo ikumva bwanji, konzani kaimidwe, osati mitundu.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Pa msinkhu paja pali vuto limene ambiri amaliona mochedwa. Khwangwala akaima pansi amalekeza m'mawondo mwa mtsikana. Nkhope ziwirizi zilowa bwanji m'chithunzi chimodzi?

Wojambula wa ku Sadzi: Ndiye chifukwa chake malo aliwonse a nkhani akhale ndi potera pofanana ndi phewa la mtsikana. Kunyumba pali thandala la mbale ndi mpanda wa udzu. Kumsika pali benchi ya tomato ndi matumba a makala. Kusukulu pali zenera. Panjira atere pachikwama cha mabuku, kapena pamphepete pa ndowa imene mtsikana wasenza, aziweramira pansi polankhula naye. Zimenezi zilembedwe pa storyboard, mndandanda wa zithunzi zosonyeza nkhani mwatsatanetsatane, osadikira nthawi yoyendetsa zithunzi.

Za mapiko: gamulani ngati ndi manja kapena ayi. Njira yosavuta ndi yakuti nthenga zitatu za kunsonga zizilozera ndi kuphimba maso, koma zisamagwire zinthu. Kunyamula azinyamula ndi mlomo kapena zikhadabo. Zimenezi zimathandizanso nkhani, chifukwa akanyamula kanthu pakamwa sangalankhule, ndipo akalankhula kagwa.

Ndipo pitani mukamuone mwini wake. Khalani pafupi ndi pogulitsira nsomba m'mawa ndi kope, muzijambula mwachangu, chithunzi chilichonse masekondi 30. Mudzaona kuti khwangwala amayenda ndi mapazi mosinthana ngati munthu wonyada, koma akafuna kuyandikira chakudya amadumpha chammbali, wokonzeka kuthawa. Amapendeketsa mutu n'kuyang'ana ndi diso limodzi. Mutu umatembenuka mwadzidzidzi kenako n'kuima zii. Kudumpha chammbali kuja ndiwo mantha ndi dyera pamodzi, khalidwe lonse lili pomwepo.

Wa situdiyo ku Chinamwali: Funso lachiwiri la achimwene lisatayike. Mawu ndiwo amayamba. Ndondomeko ndi iyi: kulemba nkhani, storyboard, kutepa mawu, kulumikiza zithunzi za storyboard ndi mawuwo kuti muone kutalika kwa gawo, kenako kuyendetsa zithunzi. Mukayamba ndi kuyendetsa zithunzi, wolankhula amakakamizika kuthamangitsa kapena kukoka mawu kuti akwane pakamwa pomwe padajambulidwa kale, ndipo zimamveka ngati filimu zomasuliridwa zija. Chithunzi chimodzi chokha cha khwangwala n'chokwanira kumuonetsa wolankhulayo asanayambe.

Mayi wa zisudzo: Pa kusankha mawu ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ntchito zambiri zimagwera. Aliyense akamva "khwangwala" amayamba kukanda pakhosi kuti mawu asase. Mawu oterewa amasangalatsa mphindi imodzi yokha. Pakatha mphindi 20 wolankhula akutsokomola, mawa lake mawu atseka, ndipo ana samva zimene akunena. Kusasa kukhale ngati mchere: "khwaa" mmodzi akadzidzimuka, ndi kukhakhala pang'ono kumapeto kwa chiganizo. Mawu ena onse atuluke oyera, ochokera kutsogolo kwa kamwa ndi m'mphuno pang'ono, osati pansi pa kholingo.

Poyesa anthu, apatseni ziganizo zitatu zokha: chimodzi chonong'ona, chimodzi chokuwa, chimodzi chopempha chakudya mochonderera. Kenako auzeni apitirize kucheza ndi mawu omwewo kwa mphindi 10, muziwafunsa mafunso wamba. Amene mawu ake abwerera mwakale kapena wayamba kugwira pakhosi, ameneyo sangathe magawo onse a katuniyi. Ku yunivesite ya ku Chirunga kuli achinyamata ophunzira zisudzo, ndipo m'makwaya ndi m'magulu a masewero a pawailesi muli anthu odziwa kupuma bwino. Musaumirire kuti akhale mwamuna. Mayi wa mawu okhuthala amatha kutulutsa mawu a kanyamata amene sasintha, pomwe mnyamata wa zaka 12 mawu ake angasweke ntchito ili pakati.

Khalidwe limamveka kwambiri pa liwiro ndi kupuma kuposa pa kukwera kwa mawu. Wamantha amayamba chiganizo mothamanga, n'kuima pakati kumvetsera, n'kumaliza motsitsa. Akaona chakudya mawu amatalika, amafewa. Chichewa chili ndi chuma china chimene muyenera kumupatsa: mawu ngati psiti, balamanthu, phwii, gwaa, mbwee. Khwangwala wokokomeza azifotokoza zinthu ndi mawu amenewa, ndipo ana amawabwereza msanga. Koma mawu amodzi omudziwira, amene amanena kawirikawiri, asapitirire kawiri pagawo.

Tsekani maso mumvetsere awiriwo akulankhulana. Ngati simungathe kusiyanitsa mtsikana ndi mbalame popanda chithunzi, sinthani mmodzi. Mtsikana akakhala wa mawu okwera ndi odekha, mbalame ikhale yotsikirako ndi yothamanga.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Mayi, ndiwonjezere chimodzi chimene chimandikhudza. Kuno ku Zomba m'kalasi imodzi muli ana olankhula Chiyao kunyumba, ena a mabanja a Chilomwe, ena Chichewa chokha. Kanyama koseketsa musakapatse katchulidwe ka mtundu wina kuti anthu aseke. Lolemba m'mawa mwana wolankhula choncho ndiye adzatchedwe khwangwala. Chimodzimodzi chibwibwi. Mantha aonekere m'kupuma ndi m'kuthamanga kwa mawu, osati m'kudodoma kwa lilime, chifukwa pali ana amene amavutika nacho chenicheni.

Wa ku Matawale: Zamveka, aphunzitsi. Nanga bwanji kungotepa mawu wamba n'kuwakweza pakompyuta kuti amveke aang'ono?

Wa situdiyo ku Chinamwali: Zimatheka koma pang'ono pokha. Mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, muli Change Pitch: kwezani masemitoni (timasitepe ta kukwera kwa mawu) awiri, mukachulutsa atatu. Kupitirira apo mawu amamveka ngati a lata, "s" amabaya m'khutu, ndipo mavawelo amayamba kufanana. Chichewa chimadalira kukwera ndi kutsika kwa mawu, paja mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pomwepo, ndiye chilichonse chosokoneza kamvekedwe chimachotsa tanthauzo. Musagwiritse Change Speed, chifukwa imafupikitsanso nthawi. Nambala imene mwasankha ilembeni, ikhale yomweyo m'magawo onse.

Za kutepa kwenikweni. Chipinda n'chofunika kuposa maiki. Chipinda chopanda katundu, cha simenti, chimabweza mawu, ndipo kubwezako sikuchoka mosavuta pakompyuta. Sankhani chipinda chaching'ono, imikani matiresi kumbuyo kwa wolankhula, pachikani mabulangete awiri m'mbali, yalani mkeka kapena bulangete pansi. Ombani m'manja kamodzi: mukamva kulira kotsalira, onjezani nsalu. Nyumba ya malata yopanda siling'i nthawi ya dzinja musaiyese n'komwe, paja mvula ya kuno ikayamba kutsika m'phiri simumvana ngakhale muli pafupi. Nthawi yabwino ndi pakati pa m'mawa, atambala atatopa, ana ali kusukulu. Usiku kumaoneka kwa bata koma nkhululu ndi achule zimalowa mu maiki. Dziwaninso nthawi ya kuitana kwa kumzikiti, ya kwaya ya pafupi ndi ya chigayo.

M'pulogalamu yotepera sankhani 48 kHz, 24 bit, mono, musunge ngati WAV, fayilo ya mawu osafinyidwa. Mawu otumizirana pa WhatsApp ndi ofinyidwa, sayenera kulowa m'katuni. Pakamwa patalikire maiki masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi chikhatho chotambasula. Chichewa chili ndi ph, th, kh ndi tch ambiri, ndipo mpweya wa "ph" umamenya maiki kuti bu. Ikani pop filter, kansalu kotchinga mpweya kutsogolo kwa maiki, kapena kungani sitokini yopyapyala pa waya wopinda mozungulira, ndipo maiki ipendekeke pang'ono kuti mpweya uzidutsa pambali. Polankhula wamba mita yoonetsa mphamvu ya mawu izisewera cha pa -12 dB, pokuwa isadutse -6. Ikafika pa 0 mawu aphwanyika ndipo sakonzeka. Ziganizo zokuwa zitepeni pazokha, mutatsitsa gain (mphamvu imene maiki ikukolera mawu), wolankhula atabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Mukamva kulira kwa "mmm" kosalekeza, kawirikawiri ndi magetsi a 50 Hz olowera pa chaja: zulani chaja, laputopu iyende pa batire. Batire yodzaza imakutetezaninso magetsi akathima pakati pa ntchito.

Chiganizo chilichonse katatu, mosiyana kanenedwe. Pomaliza tepani masekondi 30 a chipinda chili chete, otsekera mipata. Tepaninso nkhokwe ya timawu: kupuma mwamantha, kumeza, kuseka, kuyasamula, kubuula potera, "khwaa" wamfupi, wautali ndi wofunsa. Timawu timeneti mudzatifuna m'gawo lililonse.

Mayi wa zisudzo: Ndipo musamalireni munthuyo. Ayambe ndi kung'ung'udza mphindi zisanu, amwe madzi ofunda, apume pakatha mphindi 20 zilizonse, ntchito yonse isapitirire maola awiri. Zokuwa zikhale zomalizira. Aime chilili, agwedeze mapewa ngati mapiko, chifukwa thupi likamasewera mawu amatsatira. Zovala zokhuluza ndi zibangili avule. Ngati mtsikana akulankhulidwa ndi mwana weniweni, pakhale chilolezo cholembedwa cha makolo, kholo likhalepo, nthawi ikhale yaifupi ndipo isagundane ndi sukulu. Mukatha, atepeni awiriwo tsiku limodzi akuyankhana, chifukwa kudulana mawu kwachibadwa sikupangika polumikiza.

Wa makompyuta ku Chikanda: Ine ndikukayika pa mlomo wa mbalame. Chichewa chadzaza ndi m, b, p, ndi mawu ngati "m'mawa", "mbewu", "mphasa". Zonsezi zimafuna milomo yofewa. Gologolo sakanakhala bwino?

Wojambula wa ku Sadzi: Gologolo ali ndi mchira wabwino, koma miyendo inayi, zala, masaya ndi mano ndi ntchito yowirikiza. Mlomo wa mbalame ndi wotchipa. Woonera safuna kuona milomo ikupindika, amangofuna kuona kamwa litatsekeka pa m, b, p. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa vawelo, ndiye kamwa limangotseka n'kutsegula mwadongosolo. Maonekedwe asanu akwana: lotseka la m, b, p, lotsegula pang'ono la i ndi makonsonanti ambiri, lapakati la e, lotsegula kwambiri la a, ndi la o, u, w, pomwe ngodya ya kamwa imasendera kutsogolo. Ngodya imeneyo, pamene mlomo ukumana ndi tsaya, ikhale yofewa: ikakwera ndiye kumwetulira, ikatsika ndiye chisoni.

Wa makompyuta ku Chikanda: Apo mwandigonjetsa, akulu. Ndiye ndipereke manambala. Filimu imayenda mafulemu (zithunzi zosinthana mwachangu) 24 pa sekondi, wailesi yakanema ya kuno 25. Sankhani chimodzi musanayambe, chifukwa kusintha pakati kumasiyanitsa mawu ndi kamwa. Chithunzi chimodzi chikamakhala mafulemu awiri, pa 24 mufunika zithunzi 12 pa sekondi, kutanthauza 3,600 pa gawo la mphindi 5 ngati chilichonse chikujambulidwa mwatsopano. Gulu la anthu awiri kapena atatu silingathe. Dulani khwangwala m'zidutswa: thupi, mutu, mlomo wam'mwamba, wam'munsi, maso, zikope, nthenga za pamutu, mapiko awiri, miyendo iwiri, chipsepse. Zilumikizeni ndi mafupa, timizere toyendetsera zidutswa, m'pulogalamu ya OpenToonz, Synfig kapena Blender, onsewa ndi aulere. Zidutswa zilowane pang'ono polumikizira, apo ayi khosi limang'ambika mutu ukatembenuka. Zojambula ndi dzanja zisungireni malo ochepa ofunika, monga kudzidzimuka kwakukulu.

Pa kamwa: lotseka likhale mafulemu osachepera awiri, likakhala limodzi diso sililiona. Kamwa litsogole mawu ndi fulemu imodzi kapena ziwiri, likachedwa zimaoneka msanga. Musasinthe kamwa pa lemba lililonse, mlomo ungamanjenjemere. Tsatani maphatikizo, ndipo tsegulani kwambiri pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe Chichewa chimakoka mawu, monga "nja" mu "ndili ndi njala". Pulogalamu ya Papagayo imathandiza kuika maonekedwe pamzere wa mawu. Rhubarb Lip Sync imachita yokha, koma njira yake yoyamba ndi ya Chingerezi, ndiye sankhani ya phonetic, kenako mukonze ndi dzanja malo a m, b, p.

Kamwa likhale lomaliza. Yambani ndi thupi: mvetserani chiganizo, pezani mawu amodzi kapena awiri olemera, ikani kaimidwe kamphamvu pamenepo. Asanauluke anyonyomale mafulemu anayi kapena asanu ndi limodzi, potera thupi lifinyike pang'ono n'kubwerera, chipsepse ndi nthenga za pamutu zifike mochedwerapo ndi mafulemu awiri. Pamene mtsikana akulankhula, mbalame isamavinevine. Kuphethira ndi kupendeketsa mutu n'zokwanira, apo ayi maso a ana achoka pa mwini nkhani.

Wa ku Matawale: Zikomo kwambiri nonse. Latsala limodzi: ana ambiri adzaonera pafoni ya makolo. Posakaniza mawu ndi nyimbo tisamale chiyani?

Wa situdiyo ku Chinamwali: Sipika ya foni situlutsa mawu otsika, ndiye chilichonse chimene mwabisa m'munsi chimasowa. Pa mawu a olankhula dulani za pansi pa 80 mpaka 100 Hz, ikani compressor yofatsa, yochepetsa kusiyana kwa mawu okuwa ndi onong'ona, kuti kunong'ona kwa khwangwala kumveke. Kuchotsa phokoso musanyanye, mawu amamveka ngati ali m'madzi. Nyimbo itsike pamene pali kulankhula, makamaka zoimbira za mawu okwera ngati kalimba ndi chitoliro, chifukwa zimalimbana ndi mawu a mbalame. Kulira kwa mapiko kupangeni ndi chitenje chopinda kapena ambulera yotsegula ndi kutseka pafupi ndi maiki, mapazi pa lata ndi zikhadabo zanu pa chivundikiro cha poto. Ya pa YouTube ifike cha pa -14 LUFS, muyezo wa mphamvu ya mawu onse. Ya wailesi yakanema afunseni eni ake muyezo wawo, ambiri amatsata -23.

Kenako iyeseni pafoni yotchipa, panja pakhonde, ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene sadaionepo. Musawafunse ngati yawasangalatsa, adzangoti eya. Yang'anani pamene atembenuka kuyang'ana kwina, ndipo ikatha auzeni abwereze zimene khwangwala ananena. Chiganizo chimene palibe wachibwereza molondola chitepeninso. Mawu amene mwavomereza, sungani kachidutswa ka masekondi 20 pamodzi ndi pepala lolemba maiki, mtunda, gain ndi masemitoni, ndipo wolankhula azikamvetsera pa mahedifoni nthawi iliyonse asanayambe gawo latsopano.